Galimoto Yoyetsemula ya Bambo Anga

Bambo anga anayendetsa galimoto yonyamula maliro kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anzawo kuntchito ankawatcha a Giya Thu, poti pa zaka zonsezo giya yachitatu ankangoimva kwa anthu. Ankavala suti yakuda ndi magolovesi oyera, nkhope ili ndwii ngati munthu woti sanasekepo chibadwire. Koma akangofika pakhomo n'kuvula jekete, nthabwala zawo zinali zosati masewera, moti amayi ankachita kuwathamangitsa kukhitchini poopa kupsereza ndiwo ndi phwete.

"Pa madalaivala onse m'tauni muno," ankatero bambo, "ndine ndekha amene pasinjala wanga sanadandaulepo."

Atapuma pantchito tonse tinkayesa kuti agula kagalimoto kofatsa kopitira kutchalitchi. Lachiwiri lina masana tinangomva chimkokomo pageti, agalu a aneba n'kuyamba kuuwa. Kutuluka panja, tinapeza chigalimoto chofiira chitaima pabwalo, chachifupi ngati chagwada, matayala otambalala, paipi ya utsi yoti mphaka n'kugonamo. Bambo anatulukamo movutikira, atagwira m'chiuno, mano onse ali pamtunda.

"Bambo ake, mwabwereka kwa ndani chimenechi?" anafunsa amayi.

"Ndagula, mayi ake. Zaka zonsezi anthu apanjinga akhala akundipitirira. Pano ndi nthawi yanga."

Anaigula kwa dokotala wina wa mano amene ankasamukira kunja. Dokotalayo anali ataisinthasintha kwambiri. Anaikamo tabo yaikulu, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu zichuluke, ndi valavu ina yonyezimira imene inkachita zimene bambo anazikonda kuposa zonse. Akaponda moto kenako n'kuchotsa phazi, galimotoyo inkayetsemula kuti pshuu! Anthu mumsewu ankacheuka. Azibambo ometa tsitsi pakona ankaimika makina n'kuimba mluzu. Bambo, amene moyo wawo wonse anthu ankawavulira zipewa ali chete, tsopano ankawaimikira manja akuseka.

Vuto linkabwera pambuyo pa kuyetsemulako. Phazi likangochoka pamoto, galimoto inkadumpha ngati yapunthwa pamwala, kukokera kutsogolo, kubwerera, kenako n'kuyendanso bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Okweramo mitu inkangoti gwede gwede.

"Mwaona?" ankatero bambo. "Aliyense wokwera muno amagwirizana ndi zimene ndikunena."

Koma mumtima zinkawawawa, chifukwa anali munthu wonyadira phazi lake. Ankati kale ankatha kuika kapu ya madzi pamwamba pa bokosi la maliro, kuchoka kumotchale mpaka kumanda osatayika ndi dontho lomwe. Anasintha mapulagi. Anasintha sefa ya mafuta. Anasiya kumwetsa pamalo awo akale, ati petulo wake ndi wamadzi. Mlungu wina anakhulupirira kuti vuto ndi nsapato, n'kuyamba kuyendetsa ndi masokosi okha. Galimoto inkadumphabe.

Amayi amaphika makeke a maukwati. Loweruka lina m'mawa galimoto imene inkawanyamulira makeke inafa, ukwati uli wa teni koloko. Panalibe kuchitira mwina. Amayi anakhala kumbuyo m'galimoto ya bambo atafungatira nsanja ziwiri zapansi za keke, ine ndinakhala kutsogolo ndi nsanja yapamwamba pamiyendo, tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi titaima pakati pa maluwa a shuga.

"Muyende ngati mwanyamula bwana wamkulu womwalira," anatero amayi.

Bambo anayendadi mwaulemu, manja onse pachiwongolero. Tinadutsa msika, tinadutsa sukulu, holo ya ukwati n'kuyamba kuonekera. Ndiye panali hampu. Bambo anachotsa phazi pamoto mofatsa, galimoto inati pshuu, n'kudumpha. Chibwano changa chinalowa m'keke mpaka m'milomo. Nditadzutsa mutu, kadole ka mkwati kanali katagona chagada, ka mkwatibwi kali chilili.

"Ukwati umenewu tauona kale mmene udzayendere," anatero bambo.

Palibe anaseka. Amayi anakonza kekeyo kukhitchini ya holo ndi mpeni wa batala ndi maluwa atatu othyola pakhomo, ndipo alendo anaiyamikira.

Lolemba ndinawaperekeza bambo kwa makaniki wina amene mnzanga wa kuntchito anandilozera, kuseri kwa malo ocheka matabwa. Anali mayi wojintcha, wovala ovololo yodula manja, magalasi atawakweza pamphumi. Anthu ankawatcha a Khutu, poti galimoto ankayamba aimvetsera asanaigwire. Garaja yawo inali yosesedwa bwino, masipanala atapachikidwa pakhoma motsatana kukula kwake.

Sanatsegule boneti. Anakhala pampando wa pasinjala n'kuti, "Tiyeni, bambo. Pondani. Pondanibe. Chotsani."

Pshuu! Gwede gwede.

"Bwerezani."

Titabwerera pagaraja anatsegula boneti n'kuloza kabokosi kakuda pafupi ndi sefa ya mpweya.

"Aka kamawerenga mpweya wonse wolowa, n'kuuza kompyuta ya galimoto. Kompyutayo imatumiza petulo wokwanirana ndi mpweya umenewo. Tsono mukachotsa phazi, valavu yanu yokongolayi ikutayira mpweyawo kunja, koma kompyuta sikudziwa kuti watuluka. Zili ngati mwauzidwa kuti kukubwera alendo khumi, mwaphika za anthu khumi, asanu ndi atatu n'kutulukira khomo lakuseri. Awiri otsalawo mukuwakakamiza kudya zonse. Sangatsamwidwe?"

"Ndiye kuti phazi langa lilibe mlandu?" anafunsa bambo.

"Phazi lanu ndi labwino kuposa la anyamata onse obwera pano."

Bambo anandiyang'ana ine kuti ndimve bwino, ndikafotokoze kunyumba.

"Mankhwala ake ndi paipi imodzi," anapitiriza a Khutu. "Mpweya uja m'malo motayika kunja uzibwerera mkati, uzikalowanso ku tabo. Kudumphaku kutha lero lomwe. Koma kuyetsemula kuthanso."

Nkhope ya bambo inagwa. Anazungulira galimoto kawiri, kupukuta fumbi pagalasi ndi mpango wawo.

"Palibe njira yoti iziyetsemulako pang'ono? Mwina Lamlungu lokha?"

A Khutu anaseka mpaka magalasi anatsetserekera pamphuno. "Bambo, chimfine sichisankha tsiku."

Bambo anavomera. Tinakhala pabenchi tikumwa tiyi wa m'fulasiki ya a Khutu, iwo akugwira ntchito. Pobwerera galimoto inayenda myaa, phazi kuponda, phazi kuchoka, mitu yathu ili phee. Podutsa pakona ya ometa tsitsi palibe anacheuka. Bambo anatsitsa galasi n'kuchita okha ndi pakamwa kuti pshuu! Ometawo anagwa nako kuseka, wina mpaka anatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala.

A Khutu ndiwo anawauza bambo za bwalo lakale la ndege kunja kwa tauni, kumene eni magalimoto otere amasonkhana Loweruka loyamba la mwezi n'kumathamanga mmodzimmodzi, wotchi ikuwerenga. Bambo anapitako atavala chisoti chobwereka chimene chinkawafinya masaya. Pa anthu khumi ndi anayi anakhala nambala leveni, ndipo anaimbira foni abale onse, ngakhale azakhali amene samva bwino.

Mwezi wotsatira ine ndi amayi tinapita nawo, amayi ati akaone chimene chikuwachititsa misala amuna awo. Anakhala pampando wopinda, ambulera pamutu, akuluka. Mpikisano utatha anthu akubalalika, amayi anaika zoluka zawo m'chikwama, n'kuyang'ana msewu wautali wopanda kanthu uja.

"Bambo ake, apa palibe choti munthu angagunde eti?"

"Palibe, mayi ake. Udzu wokhawokha."

"Ndiye tasunthani. Mundionetse poponda."

Amayi anali asanagwirepo chiwongolero pa zaka zawo makumi asanu ndi limodzi. Galimoto inazima kanayi. Kachisanu inanyamuka, ikuyenda mokhotakhota ngati yaledzera, bambo akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono! Mayi ake, pang'onopang'ono!" Ine ndinatsala ndi ambulera ndi mpando wopinda, ndikuwaona akuchepa kumapeto kwa bwalo.

Panopa amayi ali ndi laisensi, ndipo makeke amakapereka okha. Bambo amakhala kumbuyo, atafungatira nsanja zapansi.