Moven wa M'buku la Benedict

Ine ndi Benedict tinakulira m'nyumba zoyandikana ku komboni ya Chawama. Makolo athu anachokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito, ndipo kusukulu tinkakhala benchi imodzi. Ndinene poyera, masamu ndinkamuposa. Koma iye ankafunsa mafunso mpaka mphunzitsi kutopa, ndipo khalidwe limenelo linamufikitsa ku yunivesite kukaphunzira za kayendetsedwe ka boma. Ine Goliati ndinathera pamsika, kukhoma mbaula.

Kenako zinafika zaka zija ufa unkagulidwa ndi makuponi. Mzere wa pasitolo unkayamba m'mamawa, lole ya ufa n'kubwera madzulo kapena osabwera n'komwe. Munthu sakanaima tsiku lonse, choncho ankasiya mwala pamalo pake n'kupita. Miyalayo ndinkayang'anira ndine, popeza benchi yanga yokhomerapo mbaula inali pafupi. Palibe anandisankha. Ndinkangodziwa mwala wa aliyense, ndipo malamulo ndinaika ndekha. Wosuntha mwala wa mnzake ankabwerera kumapeto, ngakhale akhale mlamu wa tcheyamani wa chipani.

Tsiku lina Benedict anatulukira ndi kope ndi kawailesi kojambulira mawu. Anali atayamba kuphunzitsa, koma nsapato zake zinali zakutha ngati zanga, ndipo zimenezo zinandisangalatsa.

"Iwe Goliati, niuzeko mwamene uyendesela laini iyi," anatero.

"Nizakuuza vonse, koma zina yanga usalembe. Ufuna ba chipani banityole mendo?"

"Osavutika, nizakupasa zina ina."

Ndinayankhula milungu itatu, iye akungolemba.

Bukulo linatuluka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, pamene panalibenso woopa. Linamupatsa udokotala wa maphunziro, linamukweza ndege. Tsiku lina ndikukhoma mbaula ndinamumva pa wailesi akufotokoza kuti boma likalephera, anthu wamba amadzipangira boma lawo laling'ono. Anabwereza mawu anga enieni, akuti mwala sunama, amanama ndi mwini wake. Kenako anati ananena mawuwo ndi mkulu wina wanzeru wa ku Chawama, dzina lake Moven. Ndinadzimenya chala ndi hamala.

Dzinalo Benedict anangolitola m'mutu, koma ku Chawama kunali Moven weniweni, wometa tsitsi, yemwe ndinamubweza kumapeto kawiri chifukwa chosuntha miyala. Ophunzira a ku yunivesite atayamba kubwera kudzafuna Moven wa m'buku, anthu ankawalozera kwa wometayo. Iye sanakane. Anamujambula zithunzi, anamuitana kumsonkhano wa anthu ophunzira, n'kubwerako ndi chikwama komanso tayi. Nsanje inandigwira. Za Benedict ndinali nditazolowera kupsa nazo mtima kuyambira kusukulu, koma kudyeredwa ndi wakuba malo pamzere, ayi ndithu.

Ndinapita ku ofesi ya Benedict. Mazenera anali osweka, mabuku ali m'makatoni.

"Bauze kuti Moven ni ine," ndinatero.

Anagwira pakamwa, ndipo ndinaona kuti akufuna kuseka. "Koma unanipempha weka kuti nikubise. Chabwino, buku ikasindikizidwa kachibili nizakonza."

Silinasindikizidwenso, pepala linali litakwera mtengo. Makatoni aja anali a ulendo. Mwezi wotsatira Benedict anapita kukaphunzitsa ku Botswana, monga ankachitira anzake ambiri malipiro atasanduka nthabwala. Kumeneko anakhala pulofesa, ndipo ndimamva kuti amalangiza maboma. Chaka ndi chaka amanditumizira khadi ya Khirisimasi, ndipo pamenepo dzina langa amalilemba bwinobwino.

Ndinayesa kuuza anthu zoona zake. Ankangoseka. "Ba Goliati, ni jelasi chabe. Buku ikamba Moven."

Tsiku lina masana Moven anabwera pabenchi yanga, tayi ili m'khosi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ba Goliati, mailo kubwela muzungu wa mafunso. Nanga bazimai ba mimba, mwala wao ninali kuupeleka pasogolo malo angati?"

Ndikanamunamiza, mawa lakelo akanakachita manyazi pamaso pa mlendo wake, ine n'kuseka mpaka kugwa. Koma mzunguyo akanalemba bodzalo, ndipo lamulolo linali langa, labwinonso.

"Faivi," ndinatero. "Bakote, nkalamba zija, malo atatu. Bwelezela nimve, ungakaononge."

Anabwereza kawiri, n'kunyamuka osathokoza.