Mailo imodzi ya ababa

Ababa anali dalaivala ku bwalo la ndege la Chileka mpaka anapuma ntchito, koma makilomita sanawalowe mkamwa. Ukawafunsa mtunda, iwo ndi mailosi basi. Ife tinakula tikuyesa kuti mawuwo ndi Chinyanja chathuchathu.

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ku Lirangwe, ndikukonza phunziro la masamu, ndinatsegula dikishonale yakale yothothoka chikuto. Kani Angerezi nawonso mawuwo anachita kubwereka! Anachokera kwa Aroma, ku liwu lachilatini loti mille, kutanthauza chikwi. Asilikali awo akamaguba ankawerenga, ndipo phazi limodzi lomwelo likaponda pansi kachikwi, mailo yakwana. Loweruka mmamawa ndinakwera minibasi, ulendo wa kwathu ku Chileka.

Ababa ndinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba, ndipo ndinayamba kufotokoza ndisanawapatse n'komwe moni.

"Iwe, zaka zonsezi ndimayendetsa masitepe a asilikali?" anatero ababa, akuponya khasu pansi. "Tiyeni tikayese. Kuchoka pageti pathupa kukafika pamjigo wa kutchalitchi ndi mailo imodzi ndendende. Ndinayeza ndekha ndi galimoto."

Amayi anati ukalamba wawapeza, komabe anatapa chimanga m'lichero n'kutitsatira. Tinagwirizana kuti ine ndiziwerenga mokweza phazi lamanja la ababa likamaponda pansi, ndipo ndikafika handiredi, amayi aziponya njere imodzi m'thumba la malaya a ababa.

Ababa anavala nsapato zawo zakuntchito, n'kutukula chifuwa. Anali munthu wamtali, ndipo ine ndinkachita kuthamanga kuti ndiwapeze. Akabaza ankaima kutifunsa ngati kwagwanji. Azimayi ena ochokera kuchigayo anatula matumba n'kuyamba kuwerenga nane. Titafika pa njere yachisanu ndi chimodzi, ndege inadutsa cha pansi kwambiri, phokoso n'kundisokoneza.

"Unali pa sikisite-fo!" anakuwa amayi anga. "Pitiriza, usatichititse manyazi!"

Njere yakhumi itagwera m'thumba, tonse tinaima. Mjigo unkaoneka pafupi, koma tinali tisanaufike. Panatsala kamtunda kongoti mwala utha kufika ukaponya mwamphamvu. Ine nkhope inagwa.

Ababa anayang'ana mjigo, n'kuyang'ana miyendo yawo, kenako anaphulika kuseka.

"Mwana wanga, galimoto sinama, buku lakonso silinama. Mailo ya Aromawo inali yaifupi, basi!"

Anthu anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Lolemba nditabwerera ku Lirangwe ndinafufuza bwinobwino, ndipo zinalidi choncho: mailo ya Aroma inali yocheperako, Angerezi anadzaitalikitsa pambuyo pake. Ababa ndinawaimbira foni nthawi ya buleki. Sanandilole n'komwe kumaliza, anayamba kuitana amayi kudimba kuti adzamve okha.