Ndinafufuta Azakhali Anga

Inu owerenga, ine ndinapha anthu popanda maliro, ndipo chida chake chinali chala chimodzi ichi.

Ndine munthu wophunzira. Kukoleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi mayeso tinasiyana mwamtendere. Nditabwerera ku Nsanje anthu anayamba kunditcha Injiniya, ine osakana.

Chaka china madzi atasefukira, bungwe lina linalemba maina a anthu a kwa Malemia oti alandire mbewu yodzala kudimba. Alembi anali ambiri, aliyense ndi fayilo yake. Ine anandilemba ganyu yophatikiza mafayilowo kukhala mndandanda umodzi, ndi kuonetsetsa kuti munthu asalembedwe kawiri.

Pakompyuta pali batani lochotsa maina obwereza. Chimene ndinaiwala, ine mwana wa konkuno, n'chakuti amayi athu ambiri sadziwa tsiku lobadwa, ndiye mlembi akatopa kufunsa amangolemba 1 Januwale. Maina nawo timabwerekana ngati mpeni. Kompyuta inaona a Maria atatu, mfunda umodzi, mudzi umodzi, onse obadwa pa Nyuwere. Inati ameneyu ndi munthu mmodzi wadyera. Sindinafunse aliyense. Ndinadina, n'kusunga pamwamba pa fayilo yakale. Yapadera sindinasunge, fulashi yanga inali itadzaza nyimbo. Mafayilo a alembi aja ndinawafufuta kuti kompyuta ipumeko.

Tsiku logawa, dzuwa likuswa mtengo, anaitana Maria kamodzi. Anaimirira atatu. Thumba linali limodzi. Mwa otsalawo munali azakhali anga, amene anagulitsa mbuzi zawo kuti ine ndikaone penti ya kukoleji.

Azakhaliwo anandipeza nditabisala kuseri kwa lole. "Mwanawe, iwe makinawa amakumvera. Kawauze kuti ine ndilipo, ndikupuma."

Kuofesi anandiuza kuti mndandanda unadindidwa kale, sutsegulidwanso. Anandigwiranso chanza, akuti sanaonepo mndandanda woyera chotere.

Chinyezi chinauma m'dimba mwa azakhali mulibe phesi ndi limodzi lomwe. Chaka chimenecho anapulumukira nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi yokumba m'dambo.

Tsono abale anga ogwira makompyuta, musanafufute sungani fayilo ina pambali. Makina akakuuzani kuti awiri ndi mmodzi, nyamukani mukawaone ndi maso. Kwa ine malangizowa anabwera mvula itakata.

Mpaka lero azakhali amauza aliyense kutchalitchi kuti Injiniya wawo anawamenyera nkhondo, koma bungwe lija linakula mphamvu. Akaphika amandipatulira changa. Ndimasamba m'manja, ndimathokoza, ndimadya.