Tulo ta Mwana Wanga

"Ndiye mwana wathu mwamusandutsa khoswe, alamu?"

Anakuwa choncho mchimwene wa mkazi wanga, ataima pakhonde la nyumba imene ndinamanga ndekha pamudzi pawo, kuseri kwa Nsanama. Amayi amene ankasinja chapafupi anaimitsa minsi kuti amve bwino.

Nkhani inali ya mpunga. Unali utayamba kucha kudimba la banja, chakunyanja ya Chiuta, ndipo mbalame zimafika kusanayere. Pamudzipo ntchito yoingitsa mbalame inali ya ana. Ankawadzutsa tambala woyamba kuti ayende mtunda wonsewo. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zitatu, akachoka kudimba ankathamangira kusukulu, madzulo ku madrasa. Ankasinza chakudya chili m'manja. Ndinkamuyeza pa mphuthu ya chitseko ndi khala, ndipo chaka chinatha mzere uli pomwepo.

Ine ndinafika Fomu 2, ndipo chimodzi chimene aphunzitsi a sayansi anatiuza sindinachiiwale. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo konga nyemba, kamene kamatulutsa timadzi tokulitsa thupi. Anati anthu ophunzira amaziona pa tiana ta makoswe: kakagona tulo tofa nato timadzito timachuluka m'magazi, ukamakadzidzimutsa timachepa. Kulakwa kwanga kunali kufotokoza zimenezi kwa mlamu wanga monga momwe ndinazimvera, makoswe ndi zonse.

"Sindinati ndi khoswe," ndinatero. "Ndati mwana amakula ali m'tulo."

"Kwanu ku Utale mbewa mumadya, lero zayamba kukuphunzitsani kulera ana? Kuno zimenezo ndi haramu, ngakhale kuzitchula pa mwana."

Amayi aja anaseka. Mbewa ndinasiya tsiku limene ndinalowa Chisilamu pofuna mlongo wake, iye akudziwa bwino. Koma pamudzi pa eni mkamwini sasiya kukumbutsidwa kumene anachokera.

"Nanga inuyo, a sekondale, munagona zaka zingati kuti muthere m'khwapa mwangamu?"

Pamenepo anandilasa, chifukwa ndine wamfupi ndithu. Ndinakula ndikudzutsidwa ndi chikoti kukatsegula khola la ng'ombe za eni ake. Kaya ndi chimenecho chinandipinimbiza, kaya ndi mtundu wathu, sindidziwa. Koma sindinafune kukayesera pa mwana wanga.

"Mwandiona kutalika kwanga," ndinatero. "Mukufuna mwana wa mlongo wanu athere pomwepa?"

"Ameneyu ndi mbumba yanga. Inu munabereka, zikomo. Zotsalazo ndi zathu."

Mwa mwambo ananena zoona. Ana ndi a kuchikazi, amalume ndiwo mwini. Koma anali ndi ndodo inanso. Iye ndiye anali wapampando wa nthambi ya chipani, ndipo masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa anga. Anatsitsa mawu.

"Boma likuti tigwire ntchito molimbika m'minda. Inu mukuti ana azigona. Mukufuna ndikawauze akuluakulu kuti kuno kwabwera mphunzitsi wa ulesi ndi kusamvera?"

Mkazi wanga anandikoka malaya. "Bambo ake, lowani m'nyumba. Achimwene, pepani, mukuwadziwa mtima wawo."

Sindinalowe. Mtima wanga ukakwera sindiona dzenje.

"Kawauzeni. Mukawauzenso kuti mbalame sizifunsa zaka za woziingitsa. Mpunga wanu sudyedwa, koma mwanayu mawa sadzuka."

"Akaingitsa ndani? Inuyo?"

Anafunsa moseka, popeza bambo wandevu sakhala pa nsanja ndi chitini pakati pa tiana. Amene wachita zimenezo amakhala nyimbo ya pamtondo mpaka kukolola kwina. Anachoka akupukusa mutu.

Titatha kudya, mkazi wanga anati, "Mukudziwa kuti akhoza kukupirikitsani pamudzi pano? Mwanayo mudzamuona kuti?"

"Ndidzamuonera patali, bola akhale wamtali woti n'kuoneka."

Sanaseke. Ine ndemwe mantha ndinali nawo, osati a kusekedwa iyayi, koma a galimoto ija imene inkabwera kudzatenga anthu.

Tambala woyamba atalira ndinamva ana a mlamu wanga akugogoda, akuitana mnzawo. Ndinatsegula ndine, chala chili pamlomo. Mwana anali atadzipinda pamkeka, kukamwa kuli yasa, phazi limodzi lili kunja kwa chitenje. Ndinamufunditsa. Ndinauza mayi ake kuti asadzutsidwe mpaka dzuwa litafika pa nkhokwe, ndipo wina akafunsa anene kuti ndalamula ndine, mkamwini wa ku Utale.

Kenako ndinatenga chitini ndi kamtengo kake, n'kutsogolera tianato njira ya kudimba. Podutsa pa nyumba ya mlamu wanga ndinachimenya katatu, mwamphamvu, kuti ngati pali wofunika kudzuka pamudzipo adzuke iyeyo.