Kampeni ka Apongozi Anga pa Chipata cha Kampani

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndi sukulu ayi. Satifiketi yanga palibe anaiyang'ana n'komwe. A Mbewe, kapitawo wa galaja ya kampani ina ya minda cha ku Chintheche, anandiona ndikutulutsa lole mumchenga wa ku Kande ndi jeke ndi matabwa awiri, basi n'kunena kuti, "Lolemba ubwere." Zinali zaka za Chitaganya, ine nditangokwatira kumene.

Anandipatsa galimoto yonyamula alendo opita kulikulu la kampaniyo. M'mawa uliwonse ndinkayeza oyilo, kuthira madzi mu rediyeta, kupopa matayala, kenako kuliza injini ndi hendulo. Zimenezo sizinkandivuta. Chondivuta chinali chipata. Chipsereni nyumba yosungiramo katundu, likulu analizinga ndi waya waminga, pakhomo n'kuikapo alonda ochokera kummwera, anthu osatidziwa. Ukafika unkaima pamwala wopaka laimu, kuzimitsa injini, kupereka makiyi, kutsekula boneti ndi buti. Ukatero unkasayina m'buku kuti mlendo wako wamufunsa ndipo alibe chida chilichonse. A Mbewe anali atandichenjeza kuti, "Chikapezeka, mlandu ndi wako, osati wa mlendo." Azungu ankangowachitira sawatcha n'kudutsa. Ife ankatipisa m'matumba ngati akuba.

Tsiku lina anandituma ku Kande kukatenga mkulu wa mpingo woti akachitire umboni pankhani ya malire a munda. Nditawerenga dzina pakalatapo, ndinalibwereza kawiri. Anali a Manda, apongozi anga enieni.

Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi. Ndiye ine ndikawauze kuti khuthulani m'matumba? Komanso ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'jekete mwawo simusowa kampeni kodulira ulusi akamasoka ukonde. Ndinawatsekulira chitseko nditawerama. "Yewo, ada," anathokoza m'Chitonga, n'kukhala kumbuyo, chipewa pabondo. Njira yonse ndinkati ndiwafunsa tikawoloka mlatho uwo, ndiwafunsa tikakwera chitunda icho. Tinafika pamwala wa laimu ndisanayasamule. Ndinasayina bodza.

Kopolo wa alonda anangopisa kamodzi, kampeni kaja katuluka.

"Ichi n'chiyani, mdala?"

"N'chosokera ukonde, mwana wanga."

"Muno mwaonamo nyanja?"

Anzake anaseka. Akanangolanda kampeniko, ine ndikanameza. Koma anawauza kuti avule jekete. Kenako malaya. Kenako nsapato. Munthu wogawa mgonero m'tchalitchi anaima chifuwa pamtunda, mapazi pamiyala yotentha, amayi osesa pabwalo ataleka kusesa. A Manda anapinda malaya awo bwinobwino n'kuwanyamula m'manja. Ine ndinaona thupi la apongozi anga, chinthu chimene mkamwini amafa osachiona.

Kopolo atayamba kugwira lamba wa buluku lawo, sindikumbuka kuti ndinayenda bwanji. Ndinangopeza ndamugwira pakolala, ndamupanikiza pa boneti yotentha, iye akukuwa. Wina anaimba wezulo. Anandigwetsa atatu, zibonga zikugwa pamsana.

A Mbewe anabwera akupukuta girisi m'manja. Sanakalipe. "Ndinakuuza chiyani? Siginecha iyi ndi ya ndani? Vula jekete la kampani, uzipita."

Tinabwerera ku Kande wapansi, dzuwa lili paliwombo, iwo patsogolo, ine kumbuyo patali monga mwa mwambo. Ndinkayenda ndikutukwana kopolo uja chamumtima, ndikuganizanso kuti mwina mkazi wanga apongozi amutenga. Pamtsinje wina a Manda anaima, osacheuka.

"Ada, mukanatuma mkazi wanu kudzandinong'oneza, kampeni kaja ndikanakasiya pakhonde. Ulemu wanuwu ndi umene wandivula malaya."

Anasamba kumaso n'kupitiriza ulendo. Mkazi wanga sanamutenge, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso mpaka kumwalira kwawo. Mabala a zibonga zija anapola sabata imodzi. Mawu aja ayi.

Kopolo uja sindinamukhululukire, ndipo musandiuze zoti ankangotsata malamulo. Palibe lamulo linkati nkhalamba ivule nsapato. Koma amene anawafikitsa m'manja mwake ndine, ndi manyazi angawo. Ndayendetsa anthu zaka zambiri kuchokera pamenepo, abusa, mabwana, ngakhale azungu amene safuna kufunsidwa ndi dalaivala. Aliyense ndimamufunsa injini isanalire: "Muli ndi chiyani m'thumba?" Ena amakwiya, amati ndine wamwano. Akwiye. Bola akwiyire pakhomo pawo atavala.