Tsiku Limene Sindinakoke Chingwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chingwe chili m'manja mwanga, koma sindinakoke. Pamwamba panga mapiko atatu achitsulo ankazungulira mpaka osaonekanso. Mtengo umene anakhomedwapo unkanjenjemera ngati munthu wa malungo. Chakum'mawa kumwamba kunali kutada ndi phulusa la lupsa, ndipo mdimawo unkabwera kwathu.

Makinawo anapanga ndi atate. Iwo anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri, kunyamulira zipangizo amisiri a magetsi. Anabwerera kumudzi kwathu, pakati pa Katete ndi Sinda, ali ndi chifuwa chosatha, bokosi la masipanala ndi dainamo yopangira magetsi ya lole yakufa. Mapiko anawadula ku dramu la mafuta. Mtengo unali wa bulugamu, ndipo anauimika pachulu kuseri kwa khola. Anthu anawatcha makinawo Chindege. Poyamba ankaseka. Analeka kuseka pamene mabatire a mawailesi awo anayamba kudzazidwa pakhomo pathu, osawapalasiranso njinga mpaka ku Katete.

Chindege chinali ndi mchira wa lata umene unkachitembenuza kuti chiyang'ane mphepo. Kuchokera kumchirako kunatsika chingwe mpaka pansi. Ukachikoka ndi manja awiri, n'kutsamira ndi thupi lonse, mchira unkapinda, mapiko n'kupatuka pamphepo, n'kuima. Ntchito yanga inali imeneyo. Atate sanali munthu wa mawu ambiri, koma pa nkhani ya chingwe ankabwereza.

"Mphepo si wantchito wako," ankatero. "Ndi mlendo. Akabwera bwino, mulandire. Akabwera ataledzera, tseka chitseko."

Phiko limodzi linali ndi mng'alu pamene panalowa bawuti. Tsiku lina atakwera kukathira mafuta anandiitana, nandigwira chala n'kuchiyendetsa pamng'alupo.

"Waumva?"

"Ndaumva, atate."

"Ili likachoka silidzafunsa kuti waima apo ndi mwana wa yani."

Unali mwezi wa Seputembala. Udzu unali utapsa ponseponse chifukwa cha osaka mbewa. Nthawi imeneyo kwathu mphepo sisowa, koma sabata imeneyo inagona masiku anayi. Tsamba silinagwedezeke. Mapiko anangoti njo, akhwangwala n'kumaterapo. Batire lathu linafa, ndipo Loweruka madzulo timu ya dziko lathu inali ndi mpira waukulu. Abambo a m'mudzi ankamvera mpira pansi pa mango wathu. Ine ndinali nditadzitama kale kusukulu kuti wailesi ya kwathu sigona.

"Yotamu, Chindege chanu chatha mafuta?" anzanga ankandifunsa, enawo n'kumagwa ndi phwete. Zinandiwawa kuposa mmene ndinaonetsera.

Loweruka m'mawa atate anatulutsa njinga. Ankapita ku Katete, kusitolo ya a Saidi, kukagula mabawuti ndi kachitsulo kogambira phiko lija.

"Ndikabwera tilitsitsa," anatero. "Mphepo ikadzuka, chizungulire pang'onopang'ono, batire lilowe kanthu. Chikangosintha mawu, koka."

"Inde, atate."

"Wati chiyani?"

"Ndikoka."

Dzuwa litafika pamutu mphepo inadzuka. Inayamba bwino. Mapiko anadziwongola, nayamba kung'ung'udza ngati njuchi mu mng'oma. Patsinde pa mtengo panali bokosi la batire ndi kawotchi kosonyeza mphamvu imene yalowa. Atate anajambulapo kamzere kofiira. Muvi wa kawotchiko ukafika pamenepo, wailesi inkalankhula mpira wonse osafooka. Ndinakhala pansi, maso pa muvi. Unkakwera ngati nkhono.

Amama nawonso ankaidikira mphepoyo. Anali ndi nshawa zosenda, zimene ena amati mtedza, zofunika kuuluza, ndipo malo abwino ouluzira anali m'munsi mwa chulu chomwecho. Anaima pakhomo la khitchini.

"Yotamu, uli pachingwe?"

"Ndili pomwepo, amama."

"Esnati, tenga lichero uzipita."

Esnati ndi mlongo wanga. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anayala thumba pansi, nayamba kukweza lichero pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri, makoko akuuluka. Ndimakumbukira manjawo ali m'mwamba. Sindinawaonenso ali choncho.

Kenaka Chindege chinasintha mawu. Kung'ung'udza kuja kunatha. Chinayamba kulira mokwera, ngati lata likung'ambika pang'onopang'ono. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Galu wathu anadzuka pamthunzi n'kukalowa m'khitchini, kumene sankaloledwa. Ndinaimirira, ndinamasula chingwe pachikhomo, ndinachigwira. Ndinayang'ana muvi. Unatsala ndi malo a njere imodzi ya mpunga kuti ukhudze kamzere kofiira.

"Yotamu, chikulira moipa," Esnati anatero.

"Uluza nshawa zako. Za makina uzidziwa iwe?"

"Atate anati ukoke."

"Ndikoka. Pang'ono pokha."

Pamenepo ndi pamene ndinamuona kamvuluvulu. Anadzuka m'munda wa thonje wa a Tembo, oyandikana nafe. Anali wakuda ndi phulusa, wamtali kuposa mitengo, atanyamula mapesi ndi masamba. Ankayenda mosafulumira, akupendekera uku ndi uku, koma njira yake inali ya kuchulu.

Ana a kwathu tinali ndi chathu chimene tinkachita. Kamvuluvulu ukamuloza ndi kachala kakumapeto, tinkati amachita manyazi n'kupatuka. Tonse tinali titayesapo, ndipo nthawi zina ankapatukadi. Ndinaganiza msanga. Ndikakoka chingwe, muvi uima, mpira sutha, Lolemba ndikasekedwa. Ndikamuloza n'kupatuka, zonse zikhala bwino. Ndinachotsa dzanja lamanja pachingwe. Ndinaloza.

Chingwe chija sichikokeka ndi dzanja limodzi. Ndinkadziwa.

Choipa kwambiri ndi ichi. Esnati anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo kuti athawe. Atandiona ine mlongo wake wamkulu ndikuloza, anaima. Anaika lichero pansi, nayenso n'kutulutsa kachala kake. Tinaima awiri, tikuloza mphepo.

Sanapatuke. Fumbi linandilowa m'maso ndi m'kamwa. Ndinabweza dzanja pachingwe, ndinakoka, koma mchira unali utalimba ngati waukhomera. Kunamveka phokoso limodzi ngati la mfuti. Mtengo unagwedezeka mpaka ndinagwa chagada.

Fumbi litatsika, Chindege chinali ndi mapiko awiri, chikuzungulira motsimphina. Esnati anali atakhala pansi pakati pa nshawa. Sankalira. Ankangoyang'ana phewa lake lamanja, ngati la munthu wina. Phiko limene linamutema linali patsogolo pang'ono, litazika m'dothi.

Amama anang'amba chitenje n'kumanga bala. A Tembo anamanga ng'ombe pangolo. Ine ndinkathamanga pambuyo, ndipo palibe anandiuza kuti ndikwere kapena ndibwerere. Tisanafike kumsewu waukulu tinakumana ndi atate akuchokera ku Katete. Anatsika panjinga, anayang'ana m'ngolo, anayang'ana ine. Anandipatsa njinga, iwo n'kukwera. Mabawuti ankalira m'thumba la malaya awo.

Kuchipatala dzanja analipulumutsa, koma mitsempha inali itaduka. Mpaka lero silikwera kupyola pachifuwa. Esnati wakula, wakwatiwa, wabala ana, koma ndowa ya madzi sanaisenzepo yekha. Pachitsime amadikira wina womusenzetsa.

Atate anabwera patapita masiku atatu. Ndinali nditathyola ndekha mkwapulo n'kuuika pakhonde. Anaudutsa. Anandipeza pachulu.

"Chinasintha mawu?"

"Chinasintha."

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Nanga?"

"Muvi unatsala pang'ono, atate."

Anawerama n'kuyang'ana kawotchi. Muvi unali utapyola kamzere kofiira. Batire linali lodzaza, mpira unatha kalekale, ndipo palibe anaumvera. Anatsokomola.

"Mng'alu ndinauona ndine," anatero. "Ndikanachimanga ndisanapite. Mpira uja nanenso ndinkaufuna."

Anatenga nkhwangwa n'kugwetsa mtengo wa bulugamu. Sanandimenye tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse pa nkhani imeneyi. Mkwapulo unauma pakhonde mpaka amama anausonkhezera pamoto. Ndikanakonda akanandimenya.

Papita zaka zoposa makumi atatu. Atate anatisiya. Ine ndimalima chimanga ndi nshawa pamalo omwewo. Zaka zino mvula yakhala ikuvuta, madzi a kudamu lopangira magetsi akuchepa, magetsi akuzima usana ndi usiku. Munthu umanyamula chimanga kupita kuchigayo, n'kubwera nacho chosagaya. Owotcherera zitsulo ku Katete amakhala pakhomo la shopu manja ali m'thumba. Ndiye kunabwera anthu a kampani ina, naimika chitsulo chachitali, chowonda, paphiri la kumpoto kwa mudzi wathu. Pamwamba pake pali timakapu timene timazungulira. Anati akuyeza mphepo.

Mwezi watha anatiitana kusukulu. Akhansala anakhala kutsogolo. Mnyamata wa kampaniyo anapachika chithunzi cha makina oyera, aatali kuposa mtengo uliwonse umene ndinauonapo, amene ankafuna kuimika paphiripo kuti azipanga magetsi ndi mphepo. Phiko limodzi, anati, n'lalitali kuposa mabasi angapo atandondozana. Ankalankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Mphepo ni yamahala, makolo anga. Siisila monga manzi ya mu damu. Iyi ndiye fyucha, tsogolo lathu."

Ine sindilankhula pamisonkhano. Tsiku limenelo ndinaimirira.

"Chingwe chili kuti?"

Achinyamata anaseka. Achikulire amene ankachidziwa Chindege sanaseke. Ndinafotokoza zimene ndinkatanthauza, ndipo mnyamatayo anamvetsera mwaulemu.

"Kulibe chingwe, atate. Mphepo ikachilamo, makina yaziimika yeka. Muli kompyuta."

"Ikagona masiku anayi?"

"Ndiye chifukwa tisakaniza na sola, na manzi. Yeka siingakwanise."

"Phiko likachita mng'alu, tauni yonse ikufuna malaiti, adzanena ndani kuti imitsani?"

"Ma injiniya, atate. Bazayang'ana."

Sanandinamize mnyamata uja. Anayankha zimene akudziwa. Ndipo ine sindinganene kuti mphepo sipereka magetsi, pakuti ndinaona ndi maso anga dramu la mafuta likulankhulitsa wailesi. Ana athu adzawerengera kuwala kwa mphepo, zimenezo ndikuvomera. Idzawathandiza ikadzuka, idzawasiya ikagona, ndipo wanzeru sadzataya zinazo chifukwa cha iyo. Koma chimene ndikudziwa tsopano, chimene sindinkadziwa ndili pachulu paja, n'chakuti mphepo sinali yoopsa kuposa ine. Inachenjeza. Nkhuku zinamva, galu anamva, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anamva. Amene sanamve ndi amene maso ake anali pa muvi. Makina akakula, muvi nawo umakula, ndipo oufuna amachuluka. Penapake padzakhala munthu amene mng'alu wauona, ndi wina womuuza kuti pang'ono pokha.

Akhansala anati amene akuvomera kuti phiri liperekedwe akweze manja. Manja anakwera ambiri. Esnati anali pabenchi la azimayi, tsidya lina la kanjira, mdzukulu ali pamiyendo. Sabata imeneyo anali atabwerera kuchigayo katatu. Ndinkayembekeza kuti akweza lamanzere, monga amachitira kutchalitchi. Sanatero. Anagwira chigongono chamanja ndi dzanja lamanzere, nalikankhira m'mwamba dzanja lopuwala lija mpaka linapyola mutu. Nkhope inachita tsinya ndi ululu. Analisunga pomwepo kufikira akhansala atamuwerenga.

Kenaka anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu.

"Alongo, mphepo ija inadutsa kalekale. Inu mukadali chigwirire chingwe. Kwezani dzanja, kapena mukawauze anyamatawa kuti mng'alu umamveka bwanji pachala."

Ndinayang'ana manja anga pamaondo. Onse awiri anali atafumbata. Akhansala ankandidikira, cholembera chili m'mwamba. Kunja mphepo inali itayamba kukankha malata a sukulu, ndipo pawindo ndinkaona timakapu ta paphiri tikuthamanga.

Ndinatola chipewa changa. Ndinadutsa pakati pa mabenchi, ndinadutsa mnyamata uja ndi chithunzi chake, ndinatuluka. Njira ya kwathu imapita kumanzere. Ine ndinatenga ya kuphiri, kukamva mmene chitsulo chawocho chikulirira.