Madesiki ya ba Whyson

Mukabaona ba Whyson pa msika wa Matero bakukhoma tumipando, musabayese munthu wamba. Baja banayamba nchito pa sukulu yathu ikali na makilasi anayi chabe, nthawi ya Bazungu, pomwe banaimangira bana ba anthu osewenza ku mafakitale. Mitengo yonse ija ya pasukulu banabzala ndiwo. Chitsulo cha njanji cholowetsera bana m'kilasi banali kuliza ndiwo. Kanyumba ka kumbuyo kwa ofesi ndiye kanali kwawo, iwo na bakazi bawo ba Mainess.

Manje kopa ya ku migodi itagwa mtengo, vonse vinagwa nayo. Ife tili pa mzere wa unga, kusukulu madesiki akuthyoka, boma osatumiza olo msomali umodzi. Bana banayamba kuchoka kunyumba na njerwa pamutu, yokakhalapo m'kilasi.

Ba Whyson chinabababa mumtima. Banayamba kutenga madesiki othyoka atatu, kuzula misomali, kuiwongola pamwala, n'kupanga limodzi lolimba. Ba Mainess banabachenjeza, ati chinthu cha boma chikafa umachisiya pomwe chafera. Iwo ati mwana sangalembere pabondo chaka chonse.

Tsiku lina kunabwera ba inspekita na buku lawo. Kansi m'buku muja desiki lothyoka nalo ni desiki. Banawerenga kawiri, madesiki makumi asanu na limodzi kulibe. Ivi ninamva kwa ba Emelda osesa mu ofesi, banali kuseri kwa chitseko na tsache lawo. Ati ba hedi, omwe banaphunzira pamenepa ba Whyson bakubaona na mamina, banangoyang'ana pansi.

Ba inspekita banafunsa ba Whyson, "Madala, madesiki ali kuti?"

"Bwana, ninaphwasula. Matabwa yake ni yomwe bana bakhalapo apo."

Ba inspekita banangotseka buku. Mwezi usanathe, nchito ya ba Whyson yatha, makiyi ya kanyumba babweza. Ba Mainess banakwera basi ya ku Katete, kwa abale bawo. Ba Whyson banakana kupita, banapeza kachipinda ku komboni ya George.

Mpaka lero chitsulo chikalira, bamaimika nyundo, kumvetsera, n'kudandaula kuti woliza wa manje amachedwa.

Madesiki yawo yakalipo, mdzukulu wanga Sampa amakhala pa limodzi. Othyoka omwe anatsala palibe anayesanso kugwira. Ali mulu kumbuyo kwa ofesi, chiswe chikudya, koma m'buku ni okwana.